Kodi nthano yolembedwanso mwa ndakatulo iyenera kutha ndi ukwati?

Akuluakulu ndi aphunzitsi anzanga, ndikupempha nzeru zanu. Ndimaphunzitsa Chinyanja pasukulu ina ya sekondale kuno ku Chipata, ndipo ophunzira anga akulembanso nthano zakale za ku Ulaya mwa ndakatulo, koma ambiri amamaliza ndi ukwati wa mtsikana wosauka ndi mwana wa mfumu, ngati kuti mavuto onse amathera pa tsiku la ukwati.

Chimene chikundivutitsa n'chakuti mathero okomawa sanali m'nthano zonse kuyambira kale. M'nthano ya kamtsikana kovala chipewa chofiira imene Charles Perrault, mlembi wa ku France, anasindikiza mu 1697, mmbulu umadya mwanayo nkhani n'kuthera pomwepo. Mlenje womupulumutsa amapezeka m'buku la mu 1812 la Jacob ndi Wilhelm Grimm, abale a ku Germany amene ankasonkhanitsa nthano. Nazonso nthano zathu, makamaka za Fisi, kawirikawiri zimatha ndi chilango, ndipo kwa ine n'chifukwa chake siziiwalika.

Kodi ndiwalimbikitse kuti ndakatulo zawo zizifunsa zimene zinachitika ukwati utatha, kapena kutero n'kuwononga nthano? Nanga pali ndakatulo za m'Chinyanja zotsutsa mathero okoma zimene ndingawawerengere m'kalasi?