Pempho la uphungu: ziwerengero za m'madera athu zingalumikizidwe bwanji ndi za dziko lonse?

Akuluakulu nonse, ndikupempha nzeru kwa inu amene muli ndi luso pa ntchito yosonkhanitsa ziwerengero za chitukuko.

Ndili m'komiti ya chitukuko ya dera lina kuno ku Mzuzu, ndipo tikulemba ndondomeko yopempha mijigo ndi midadada ya sukulu. Kalembera wa 2018, yemwe anachitidwa ndi National Statistical Office (ofesi ya boma yoona za ziwerengero), anapeza kuti mzinda uno unali ndi anthu opitirira 220,000, koma aliyense wodutsa ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo akuona yekha nyumba zatsopano pamalo pamene panali minda ya chimanga. Popeza kalembera amachitika pakatha zaka khumi, kodi pakatikatipa tidalire chiyani?

Ziwerengero zilipo ndithu. Alangizi a zaumoyo amalemba ana ndi mabanja m'makaundula awo, zipatala zimatumiza malipoti kudzera pa DHIS2 (pulogalamu ya pa kompyuta yosonkhanitsira ziwerengero za zaumoyo), aphunzitsi akulu ali ndi mayina a ophunzira, mafumu nawonso ali ndi mabuku awo. Vuto ndi lakuti malire amene aliyense amatsatira ndi osiyana, kotero kuti banja limodzi likhoza kuwerengedwa kawiri kapena kusiyidwa kumene. Kwa ine, masomphenya a Malawi 2063 sangalondolozedwe bwino ngati kuwerengera kukusokonekera pansi pano.

Kodi pali fomu yovomerezeka imene makomiti ngati athu angagwiritse ntchito kuti zimene tasonkhanitsa zilandiridwe ndi khonsolo? Nanga amene munayesapo kugwirizanitsa makaundula osiyanasiyana, munayambira pati, ndipo chinsinsi cha mayina a anthu munachisunga motani?