Ndani anagwiritsapo ntchito HYSPLIT pa utsi wa moto wa m'tchire?

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndimagwira ntchito ndi makomiti a zachilengedwe m'midzi yoyandikana ndi Kasungu National Park, ndipo chaka chino tikufuna kutentha tchire msanga, cha mu Meyi kapena Juni udzu usanaumiretu, kuti moto wa osaka mbewa mu Seputembala usadzapeze chodya chambiri. Mafumu avomera, koma amayi akufunsa kuti utsiwo udzalowera kuti, poti pasukulu pali ana odwala mphumu.

Ndayesa HYSPLIT, pulogalamu yaulere ya bungwe la NOAA la ku America yoyerekeza kumene mphepo ingatengere utsi. Malo amene kukuyaka ndikuwatenga pa FIRMS, tsamba la NASA loonetsa moto, pomwe makina a pa setilaiti otchedwa VIIRS amaona nthaka m'tizigawo ta mamita 375. Masana mapu akutuluka bwino, mwera ukukankhira utsi kumpoto chakumadzulo, kulowera ku Zambia. Vuto ndi usiku. Aliyense wa kuno amadziwa kuti mu Juni mphepo ikadeka utsi umatsikira m'madambo n'kugona momwemo mpaka dzuwa litakwera, zovala za pachingwe n'kutsala zikununkha. Pakompyuta zimenezi sizikuoneka, ndipo ine ndikukayikira zanyengo za GDAS (za NOAA, zimene ndikulowetsa mu HYSPLIT), poti zimadula dziko m'zigawo za makilomita oposa 100.

Kodi zanyengo zoyenera kadera kakang'ono chonchi mumazitenga kuti? Nanga msinkhu umene utsi umakwera mumauyerekeza bwanji pa moto wa udzu wa m'miombo, woyaka pang'onopang'ono madzulo, osati wa nkhalango za paini?