Tabuleti ya dokotala kapena mafuta a ambulansi?

Wapampando (Lilongwe): Mwaswera bwanji abale kulikonse komwe muli. Nkhani ya lero ndi ndalama zomwe tasonkha chaka chino. Achimwene a ku Leeds abwera ndi ganizo loti tiike tabuleti, sola ndi intaneti pa chipatala chathu chaching'ono, kuti odwala azionana ndi dokotala pa vidiyo. Lembani, mavoisi aatali ayi chonde.

Achimwene a ku Leeds: Zikomo a Chair. Tisanamizane, dokotala weniweni kwathu sadzabwera. College of Medicine idatsegulidwa mu 1991, lero ndi yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, koma omaliza maphunziro kumeneko ambiri amathera ku Queens, ku Central ya Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ena amawoloka malire. Ndani angavomere kukakhala koti mvula ikagwa masiku awiri galimoto sidutsa? Ndiye poti thupi lake silibwera, ibwere nkhope ndi nzeru zake. Anzanga madokotala a kuno ku Britain angadzipereke kutithandiza. Starlink, intaneti ya pa satelayiti, idalowa m'Malawi mu 2023, za netiweki si vutonso.

Msuweni wa ku Joni: Msuweni, nkhope imeneyo imabaya jekeseni? Kuzizira kwa kumeneko kwakuumitsani mutu 😂 Mayi anga adagona pa benchi usiku wonse ndi mutu waukulu chifukwa ambulansi inalibe mafuta. Tidachita kubwereka njinga yamoto m'bandakucha, ine ndikutumiza ndalama pa Mukuru uku ndikunjenjemera. Dokotala wa pa galasi akanati chiyani? "Pitani ku boma." Pa chiyani?

Achimwene a ku Leeds: Inu msuweni mumatsutsa ngakhale dzuwa likatuluka.

Amayi namwino (opuma, kumudzi): Ana anga, ndiyankhuleko ine amene ndagwira ntchitoyi zaka zambiri. Nonse awiri muli ndi mbali yanu. Koma chithunzi cha wodwala atakhala pa mpando n'kumacheza ndi dokotala wa ku tauni chichotseni m'mutu. Tsiku la sikelo mzere umafika pa mtengo wa mango uja. Medical assistant ndi mmodzi, yemweyo alembe, yemweyo apereke mankhwala, usiku amudzutsenso. Mukamuwonjezera ntchito yogwirizira tabuleti ndi kumasulira Chingerezi, mzere ufika kumsika.

Chomwe ine ndinkachilakalaka ndili pa ntchito n'china. Kubwera mwana ali ndi zilonda zosadziwika pakhungu, kapena agogo miyendo yatupa, iwe n'kuima osadziwa: ndimutumize ku boma kapena ndimuthandize pompano? Ukatumiza aliyense, anthu amagulitsa nkhuku ndi chimanga kulipira ulendo wopanda pake. Ukasunga wolakwika, wamutaya. Pamenepo kukhala ndi dokotala womutumizira chithunzi, BP, shuga, kutentha kwa thupi, iye n'kukuyankha lisanalowe dzuwa, ndi chuma. Zimenezo sizifuna vidiyo.

Mphunzitsi (kumudzi): Za netiweki ndichitire umboni. Pa chipatala penipeni foni siigwira. Pali chulu kuseri kwa zimbudzi, ndiye ofesi ya mauthenga imeneyo. Ndawaonapo a medical assistant ataima pamwamba pake, foni m'mwamba, yunifomu ikuuluzika, kudikira uthenga upite. Meseji ndi chithunzi zimapita. Vidiyo imangozungulira.

Msungichuma (Blantyre): Funso langa ndi lomwe lija mumandida nalo. Kugula tigula, nanga mwezi wachinayi alipire ndani? Starlink ndi ya mwezi ndi mwezi, ndipo zipangizo zake zimayendera dola. Mu November 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, bajeti yathu ya midadada ya sukulu idasanduka nthabwala. Mukumbukirenso mjigo: titaukhazika tidavina, utathyoka gulu lino lidati zii miyezi isanu ndi iwiri. Pa anthu onse tili muno, osonkha mwezi uliwonse ndikhoza kuwawerenga ndi zala.

Msuweni wa ku Joni: A Treasurer musatitchule mayina, ena tili ndi BP.

Dokotala (mwana wa kwathu, Blantyre): Pepani ndachedwa, ndinali pa call. Amayi anamwino anena zoona zokhazokha. Ndiwonjezere ziwiri. Malume a ku Leeds, anzanu a kumeneko omwe mukuti angadzipereke sangangoyamba kulembera mankhwala odwala a kuno. Wochiza m'Malawi ayenera kulembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Chinanso, dokotala wa ku Britain amaganiza ndi zomwe ali nazo pafupi. Adzati kajambulitseni scan, kayezetseni magazi akuti, pomwe pa chipatala chathu pali kachipangizo koyezera malungo, LA ndi panado, mwinanso zimenezo zatha. Malangizo otere amangomuswa mtima wodwala.

Komanso kufunsa pa foni si kwachilendo kuno. Chipatala Cha Pa Foni chidayamba ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach, poyamba cha amayi oyembekezera ndi ana, kenako boma lidachitenga kukhala cha dziko lonse. Anthu amaimba ulere, pa kafoni ka mabatani komwe. Kwathu ndi angati akuchidziwa? Alangizi a zaumoyo atamachilengeza pa sikelo ndi pa maliro, tapindula osawononga tambala.

Ine ndikhoza kumayankha mafunso a medical assistant Lachinayi madzulo, ndipo anzanga awiri ndiwanyengerera. Koma zidutse kwa a DHO, akulu oyang'anira zaumoyo m'boma lathu. Zithunzi za odwala si zoponya pa gulu ngati lino.

Azakhali (Kasungu): Apo mwanena mwana wanga. Ine matenda achizimayi sindingawafotokozere galasi, osadziwa kuti kuseri kwake kwaima ndani. Ndipo chithunzi changa chikapezeka m'foni ya munthu wa m'mudzi momwemo, mawa pa chigayo nkhani ndi ine.

Achimwene a ku Leeds: Ndamva azakhali, ndamvanso adokotala. Koma sola yokha musaikane. Siteshoni ya magetsi ya Kapichira itawonongeka ndi namondwe Ana mu January 2022 dziko lonse lidalawa mdima, pomwe kwathu mdimawo ndi wa masiku onse. Mchemwali wanga adachira mwana wake woyamba anamwino atagwira foni pakamwa kuti iwunikire. Vidiyo ndikhoza kuisiya. Zoti mayi azichira ndi tochi ya foni, ayi.

Msuweni wa ku Joni: Apo msuweni mwayankhula ngati munthu wakumudzi. Sola ndavota. Chotsala chipite ku mafuta a ambulansi.

Msungichuma: Mafuta asunge ndani? Ndalama ya m'manja ine sindipereka. Komiti ya chipatala itsegule buku, risiti iliyonse tiziiona muno.

Mlembi (Mzuzu): Ndalemba izi: sola ya ku matenite, foni imodzi ya ntchito yokhala ndi loko, makina a BP ndi a shuga, bandulo ya mwezi, thumba la mafuta. Koma a Chair, takambirana maola atatu za munthu yemwe mulibe muno. Alipo amene wawafunsa a medical assistant kuti iwo akufuna chiyani? Nanga amfumu ndi a VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi?

Wapampando: Mwatigwira pamenepo. Aphunzitsi, mungatipitireko? Kuvota tiimike mpaka Lamlungu.

Mphunzitsi: Mawa ndi sikelo, sapuma mpaka 3 koloko. Ndipita ndikaweruka, kwa amfumu ndidzera pobwerera. Yankho mulimva ndikakwera pa chulu.