Kuchotsa ndi kusunga mano a elk osawaswa

Wachisodzera: Akuluakulu, mano awiri a m'mwamba a elk (nyama yaikulu yakutchire yonga mphalapala), amene alenje a ku Wyoming ndi Montana ku America amasunga ngati chikumbutso, amachotsedwa bwanji kuti asasweke?

Mkulu wa uzimba: Achotseni nyama ikangofa, usinini usanaume. Yaimuna ndi yaikazi yomwe ili nawo awiri, limodzi mbali iliyonse, koma a yaimuna ndi okulirapo. Chekani usinini mozungulira dzino, mpeni ufike pansi ndithu. Kenako tsamiritsani kamtengo m'mbali mwa dzinolo n'kumenya pang'onopang'ono mpaka lizuke. Pulayala yachitsulo imakanda, ndiye ngati mulibe china ikulungeni ndi chikopa. A mwana wa elk amakhala obooka m'kati, sachedwa kuphwanyika.

Mayi wa ndolo: Ndiwonjezere pa kutsuka. Palani minofu yotsala ku muzu, liume lokha pamthunzi. Musaliwiritse nthawi yaitali, limang'aluka. Mankhwala oyeretsera zovala ayi, chifukwa amafufuta mizere yofiirira ya nyama zokalamba, pamene kukongola kwake n'komweko. Ngati mukufuna kupanga mkanda, boolani ku muzu.

Mkulu wa uzimba: Nyamanso munyamule, achimwene. Kale anthu ankapha elk ku Jackson Hole, chigwa cha ku Wyoming, chifukwa cha mano okha. Lero kusiya nyama kuti iwole ndi mlandu kumeneko.