Za ma verb a Chijapanizi zija, zatheka tsopano

Paja ndinafunsa kuti bwanji taberu, ya kudya ija, poyankhula mwaulemu imakhala tabemasu koma kaeru, ya kubwerera kunyumba ija, imakhala kaerimasu pomwe onse amathera ndi -eru. Zikomo nonse munandiyankha. Kani magulu ndi atatu basi. Gulu loyamba, ichidan, monga taberu, mumangochotsa -ru n'kuikapo -masu, gulu lachiwiri, godan, mumasintha u wakumapeto kukhala i n'kuikapo -masu, ndiye nomu nomimasu, kaku kakimasu, pomwe gulu lachitatu, suru ndi kuru, ndi amakani awo, shimasu ndi kimasu, kungoloweza basi. Kaeru, hairu ndi hashiru amaoneka ngati ichidan koma ndi godan, achinyengo amenewa. Chandisangalatsa n'choti verb sisintha kaya wachita ndi ine kaya iwowo, palibe za ndi-, ti-, a- ngati kwathu kuno. Panopa -te form, ija verb imathera ndi -te kapena -de polumikiza ziganizo, ndiye yandiimitsa mutu, nomu nonde, kaku kaite, koma iku ikupereka itte, aaa!