Ma hex 400 ndajambula koma osewera akutopa ndi ulendo, ndikonze pati?

GM wa Loweruka:
Anzanga ma GM (oyendetsa gemu) ndithandizeni. Ndinayambitsa kampeni (nkhani yaitali yoseweredwa maseshoni ambiri) ya Dungeons & Dragons 5e, gemu yapatebulo yosewera ndi madayisi, yoti osewera azifufuza chilumba chomwe sichili pa mapu a aliyense, ndinatha miyezi iwiri ndikujambula, ma hex (zigawo za mapu za mbali 6) 400, lililonse mamailosi 6. Tafika seshoni yachinayi ndipo sizikuyenda. Amati tipite kumpoto, ndiponya dayisi, ndimati nkhalango, palibe chachitika, amati kumpotonso, basi choncho ola lathunthu. Seshoni yapitayi mmodzi anatulutsa foni pakati pa ulendo ndipo zinandipweteka kwambiri chifukwa dziko limeneli ndalikonda. Kuwonjezera apo ranger (katswiri wa m'tchire) ali ndi luso la Natural Explorer ndiye m'nkhalango sasochera, druid (wamatsenga a chilengedwe) ali ndi spell ya goodberry, matsenga obweretsa zipatso 10 ndipo chimodzi chikhutitsa munthu tsiku lonse, ndiye njala palibe, kusochera palibe. Ndingoletsa goodberry kapena?

Dayisi Wakale:
Achimwene musanaletse kalikonse ndiyankheni ichi, osewera akaima pakati pa hex amaona chiyani? Chifukwa ngati kumpoto ndi kummawa nzofanana m'maso mwawo ndiye sakusankha kanthu, akungotchula mbali. Hex ya mamailosi 6 anthu amaikonda chifukwa munthu woima pamalo athyathyathya amaona pafupifupi mamailosi 3, ndiye ali pakati akuona mpaka m'malire, akakwera phiri aona ma hex angapo kutsogolo. Ine paliponse pomwe aima ndimawapatsa zinthu ziwiri kapena zitatu zooneka patali. Nsanja yopendekeka kumadzulo, utsi wobiriwira kuseri kwa mapiri, mbalame zikuzungulira pamalo amodzi m'dambo. Mukangonena zimenezo muona okha ayamba kukangana kuti tiyambe kuti, ndipo gemu yeniyeni ndi mkangano umenewo.

GM wa Loweruka:
Zoona, ndimangowauza mtundu wa malo basi. Koma akulu ma hex 400 onse ndiikemo zinthu? Ndigwira liti ntchito zina?

Mayi GM:
Ayi musatero, mutopa ndipo mudana nayo kampeni yanu yomwe. Pa liwiro wamba mu 5e gulu limayenda mamailosi 24 patsiku, ndiye ma hex anayi, pamalo ovuta theka lake. Konzani bwinobwino malo 10 kapena 12 okha ozungulira pomwe ali, ena onse asiyeni ndi chiganizo chimodzi kapena opanda kanthu mpaka atayandikira. Pakutha pa seshoni afunseni kuti sabata yamawa mulowera kuti, mukonze komweko.

Chomwe chinandithandiza ine kwambiri ndi kulumikiza malowo. Pamabwinja aliwonse pazikhala chinthu choloza malo ena awiri. Ndinaika kachisi womira m'nyanja yemwe khomo lake limaoneka madzi akaphwera basi, pakhoma pali chithunzi cha zitseko zitatu zofanana, chimodzi pansi pa mathithi, china m'nthiti za chimphona chakufa. Osewera anga anajambula chithunzicho papepala ndipo anatha maseshoni asanu akusaka mathithiwo ine osawauza kanthu.

Wa Mapu:
Ndiwonjezere za West Marches, kaseweredwe ka Ben Robbins komwe anafotokoza mu 2007. Tauni ndi malo otetezeka ndipo mulibe adventure, zonse zili kunja, ukapita kutali zoopsa zimakula, ndipo osewera ndi omwe amasankha kopita komanso kujambula mapu awo. Mapu anu enieni asawaone! Apatseni pepala lopanda kanthu lokhala ndi gombe lokha. The Isle of Dread, adventure ya D&D ya 1981, inachita chimodzimodzi, mapu a osewera amaonetsa m'mphepete mwa chilumba pakati pali poyera. Akalakwitsa kujambula musawakonze, tsiku lomwe adzazindikire kuti mtsinje womwe ankautcha wachiwiri ndi womwe uja woyamba adzakumbukira kwa zaka.

Dayisi Wakale:
Za goodberry ine ndikuti musaletse. Munthu anasankha druid kuti azithandiza gulu m'tchire, mukamulanda akhumudwa ndipo akhala ndi chifukwa. Vuto lenileni ndi long rest, mpumulo wautali womwe umabwezera osewera mphamvu. Akamenyana kamodzi patsiku nkugona maola 8 zonse zabwerera, ndiye tchire silingawaopse. Mu Dungeon Master's Guide ya 2014, buku la ma GM, muli lamulo lina la gritty realism, short rest (mpumulo waufupi) maola 8, long rest masiku 7.

Mayi GM:
Apa ndisiyana nanu pang'ono akulu. Gritty realism ndinayesa, m'tchire imagwira koma akalowa m'dungeon (mapanga kapena mabwinja odzaza zilombo) imasokoneza, ma spell a ola limodzi amakhala ngati opanda ntchito ndipo wizard amangokhala kudikira. Ine ndimati long rest imatheka pamalo otetezeka okha, ndipo malo amenewo ayenera kuwapeza kapena kuwakonza. Phanga lomwe athamangitsamo zilombo, mudzi womwe apangana nawo ubale, kasupe wa mizimu. Mwadzidzidzi kupeza pogona kumasanduka chuma choposa golide, ndipo slot (mpata woponyera spell) iliyonse yomwe druid wawonongera goodberry imamveka chifukwa sibwerera mawa. Koma muwauze lamuloli poyera seshoni isanayambe, musawadzidzimutse pakati pa ulendo.

Wa Mapu:
Tebulo la random encounter (zokumana nazo mwadzidzidzi panjira) likhale la 2d6, madayisi awiri a mbali 6, 7 imatuluka kasanu ndi kamodzi pa 36 pomwe 2 ndi 12 kamodzi kokha, ndiye zofala pakati, chinjoka kumapeto. Ndipo theka lisakhale ndewu. Mapazi, msasa wozizira, mtengo wopserera kumtunda kokha. Akaona zizindikiro za chinjoka katatu asanakumane nacho amachiopa kale. Ranger wanuyo mpatseni ntchito yowerenga mapazi amenewo.

GM wa Loweruka:
Ndabwerako, tasewera dzulo. Ndinabisa mapu anga, ndinawapatsa gombe lokha, ndinawauza za long rest tisanayambe ndipo druid anavomera bwinobwino. Atakwera chitunda choyamba ndinati kumadzulo kuli nsanja yopendekeka, kummwera utsi wobiriwira, ndipo mitambo yamvula ikubwera kuchokera kunyanja, ifika madzulo. Anakangana mphindi 20! Uja wa foni ndi amene anatenga pensulo nkuyamba kujambula, anaika kamtanda pa utsi nkulemba kuti tidzabwere tili ndi mphamvu. Anasankha nsanja chifukwa amafuna denga mvula isanagwe, anapeza kuti pansi pake pali zisa za ma stirge (tizilombo touluka toyamwa magazi), ndiye pano akufuna kuiyeretsa ikhale msasa wawo woyamba. Zikomo kwambiri nonse. Mayi GM, msasa akaukonza nkuchokapo milungu iwiri, mumausiya otetezekabe kapena china chimalowamo?

Mayi GM:
Ndimaponya d6 (dayisi imodzi ya mbali 6) sabata iliyonse yomwe palibe munthu, ikagwa 1 china chalowamo. Akasiya mlonda kapena kukonza chitseko sindiponya. Auzeni zimenezo, muona ayamba kufunafuna wa m'mudzi woti amulembe ntchito yaulonda.