Za mwana wanga uja anakana kuyenda tili kuchipatala

Mwezi watha ndinafunsa kuti wolondola ndani: ine amene ndimamuona mwana wanga wa zaka 3, yemwe ali ndi cerebral palsy (vuto la mu ubongo lomwe limavutitsa kuyendetsa thupi), akuyenda chogwira mipando kwathu ku Matero, kapena a fiziyo (achipatala othandiza pa kayendedwe ka thupi) amene analemba kuti sayenda. Zikomo amayi munandiuza kuti ndimujambule pa foni.

Lachiwiri tinabwererako. A fiziyo ataona vidiyoyo anavomera kuti mwana akachita mantha pamalo achilendo amaumitsa thupi, ndipo iwo amamuona mphindi zochepa chabe. Koma nawonso anandionetsa chomwe ine, mayi wake, sindinkachiona: chidendene chakumanzere sichifika pansi, amapondera zala. Zinandiwawa ndithu.

Pa muyezo wa GMFCS wa ana a cerebral palsy, womwe umayesa mmene mwana amayendera ndipo uli ndi magawo 5 (nambala ikakula, vutonso ndi lalikulu), amuchotsa pa 4 n'kumuika pa 3. Tsopano tikufunafuna choyendera chogwira ndi manja.